Kosi ya AI ya ophunzira zaumoyo muno mu Chipata: K600 yanga sinapite pachabe, koma okonza amvepo izi

Anzanga ambiri a unesi ndi a clinical medicine akhala akundifunsa ngati nkoyenera kulipira kosi ija ya AI (nzeru zopangidwa za makompyuta, monga ChatGPT) yomwe imachitikira mu holo ya lodge ina muno mtauni masiku a Chiweru, poti amva kuti intake ina ili pafupi ndipo K600 si ndalama yoti mwana wasukulu angoiponya osaganiza. Ine ndinaichita mpaka kumapeto, ndiye yankho langa ndi lakuti lipirani, koma dziwani chomwe mukulipirira chifukwa kosiyi ili pawiri, pali za mmawa ndi za masana, ndipo phindu la ndalama yanu pafupifupi lonse lili masana.

Okonza ndi kagulu kakang'ono ka ku Lusaka komwe kamayendayenda m'maprovinsi. Ife tinalipo osakanikirana, a unesi ngati ine, a uzamba, a clinical medicine, a pharmacy, a environmental health, ena a ku yunivesiti ena a m'makoleji, ena anali kubwera mmamawa pa basi kuchokera ku Katete, mtsikana wina wa ku Petauke anali kugona kwa azakhali ake ku Kapata kuti asaphonye. Chomwe chinatisonkhanitsa nchimodzi, tonse zinthu izi timazigwiritsa kale ntchito koma mobisa. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo mu 2024 Meta AI inalowa mu WhatsApp muno mu Zambia, ndiye olo munthu alibe laputopu AI ali nayo mthumba. Kusukulu malekichara ambiri amangoti ndikakugwira ndikupatsa ziro, basi nkhani yathera pomwepo. Koma pitani pa wodi usiku muone, asista ali kalikiliki ku labour, adokotala a on call ali ku theatre, mwana wasukulu watsala yekha ndi mafunso ake ndi wodwala amene akubuula, foni imatuluka mthumba ndithu. Palibe anali atatiphunzitsapo kuti chinthuchi chimalakwa pati, nchifukwa chake ndinalembetsa.

Mmawa amaphunzitsa mnyamata wina wa zamakompyuta, munthu waulemu ndipo zinthu zake amazidziwa, vuto ndi lakuti ma slide ndi ochuluka kwambiri ndipo chizungu chake nchokwera, pofika 10 koloko ena anali atayamba kusinza. Mbiri yonse ya makompyuta ija akanaidula sitikanataya kanthu. Koma pali chinthu chimodzi chomwe anatifotokozera bwino kwambiri, cha momwe ma chatbot, ma app a AI ocheza nawo monga ChatGPT, amapangira mayankho. Anawadyetsa zolemba zambirimbiri za pa intaneti ndi za m'mabuku, ndipo ntchito yawo ndi kulosera liwu lomwe likuyenera kutsatira linzake, liwu ndi liwu mpaka chiganizo chithe, ndiye chiganizo chimatuluka chosalala kaya nchoona kaya nchabodza, pomwe ikudziwa ndi pomwe ikungopeka AI imalankhula molimba mtima chimodzimodzi. Anatiuzanso za maloya a ku New York omwe mu 2023 anapereka kukhoti milandu yakale yomwe ChatGPT inawapekera, milandu yoti sinachitikepo nkomwe, woweruza n'kuwalipiritsa madola 5,000. Kenako anati aliyense apemphe app yomwe ali nayo kuti impatse mapepala a kafukufuku okhudza kuchepa kwa magazi kwa amayi apakati kuno kummawa, ikapereka tikawafufuze pa PubMed ndi pa Google Scholar, malo a pa intaneti osakirapo mapepala a kafukufuku. Ena anapezeka, zoona. Ena mutu wake womveka bwino, maina a olemba omveka achizambia, chaka chilipo, dzina la journal lilipo, koma pepalalo kulibe kulikonse. Mu holo munangoti zii, chifukwa ma reference amtundu umenewu akuyenda m'ma research proposal ambiri masiku ano ndipo aliyense anali kudziwa.

Manje za masana. Amaphunzitsa mayi wina wachikulire, pharmacist amene wagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za m'maboma, tonse tinali kungowaitana kuti Madamu. Iwo purojekita alibe nayo ntchito. Amabwera ndi chikwama cha mabuku, amaika patebulo Standard Treatment Guidelines (buku la boma la malangizo a kachiritsidwe ka matenda), buku la malangizo a malungo, la ma ARV ndi la TB, kenako amagawa timakhadi tolembedwa pamanja, khadi lililonse lili ndi wodwala wongopeka. Gulu lililonse lifunse AI, lilembe yankho papepala, litsegule buku lione ngati zikugwirizana, ndipo simuchoka pa khadi limenelo mpaka mutanena kuti kusiyana kuli pati ndipo kwabwera bwanji.

Khadi lomwe linatitsegula maso linali la mwana wa zaka 3, makilo 13, thupi lotentha, RDT (choyezera malungo mwachangu) positive, akusanza chilichonse ndipo anachita mafiti kawiri kunyumba asanabwere naye. Gulu lina polemba funso linasiya za mafiti ndi kusanza, linangoti mwana wa makilo 13 ali ndi malungo, app n'kuyankha bwinobwino kuti Coartem piritsi limodzi kawiri patsiku kwa masiku atatu, zomwe nzoona pa malungo wamba a mwana wa makilo 5 mpaka osakwana 15, koma uyu ali ndi malungo aakulu ndipo piritsi sangalisunge mmimba. Madamu anati app sinalakwe, yayankha funso lomwe yapatsidwa, mwanayo sinamuone, sinamugwire pamphumi, sinamve mayi ake akufotokoza zomwe zinachitika usiku, chomwe wasiya polemba kwa iyo kulibe. Gulu lathu linalemba zonse, app inazindikira kuti ndi severe malaria, malungo aakulu aja, ndipo inati artesunate ya nyeleti, tinasangalala, koma dozi inapereka 2.4 mg pa kilo. Madamu anangoti, "Ana anga, tsegulani buku muwerenge mzere wa ana osakwana makilo 20." Pamenepo pali 3 mg pa kilo. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inasintha zimenezi mu 2015 itaona kuti ana aang'ono akapatsidwa dozi ya akulu mankhwala amakhala ochepa m'magazi mwawo, koma zolemba zakale zomwe zili pa intaneti zikadali kunena 2.4, ndipo za ku America nazo zimalemba 2.4 kwa aliyense, ndiye AI imatola chomwe yakumana nacho kambirimbiri. Anatiuza tiwerengere papepala osati pafoni, 13 kuchulukitsa ndi 3 ndi 39 mg, 13 kuchulukitsa ndi 2.4 ndi 31.2 mg. Kenako anatulutsa mchikwama kabotolo kopanda kanthu ka artesunate ka 60 mg ndi sirinji, natikumbutsa kuti ukasungunula ndi 1 ml ya bicarbonate n'kuonjezera 5 ml ya saline umakhala ndi 10 mg pa ml iliyonse, ndiye mwana uyu afunika pafupifupi 4 ml pomwe app inali kutipatsa 3 ml ndi pang'ono. Anakoka madzi mu sirinji mpaka pa mzere wa 3 ml, anayenda nayo tebulo ndi tebulo, anakokanso mpaka pa mzere wa 4 ml, chala chawo chili pakati pa mizere iwiriyo, n'kunena kuti kuperewera kumeneku kubwerezedwa pa dozi yoyamba, ya pa maola 12 ndi ya pa maola 24, kwa mwana amene ubongo wake uli kale pangozi.

Atabwerera kutsogolo anafunsa kuti, "Pa drug chart pasainidwa dzina la ndani?" Mnyamata wina wa clinical medicine anati, "Langa, Madamu." Iwo anati, "Ndiye a HPCZ, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, akadzakuitana, kapena inu manesi a Nursing and Midwifery Council akadzakuitanani, foniyo idzakayankha m'malo mwanu?" Anati AI ili ngati mlendo wodziwa kulankhula amene akukulozera njira ya kumudzi kwanu iye asanapondeko, mwina zambiri anena zoona poti anamva kwa anthu, koma pomwe mlatho unakokoloka chaka chatha sakupadziwa ndipo sadzakuuza kuti sakupadziwa.

Chomwe ndinawakondera nchakuti sanabwere kudzatiopseza kuti tisiye. Pomwe AI yachita bwino anali kuvomereza poyera. Pa khadi la bambo amene ali pa TLD (ma ARV omwe muli dolutegravir) ndipo wapezeka ndi TB, ma app onse atafunsidwa molunjika anayankha zolondola, kuti rifampicin, mankhwala a TB, imachepetsa dolutegravir mthupi ndiye pafunika kuonjezera 50 mg ina ya dolutegravir patapita maola 12, Madamu anati mwaona, apa yakuthandizani kukumbukira chinthu chomwe anthu ambiri amaiwala. Koma gulu lomwe linangofunsa za mankhwala a TB n'kutchula ma ARV chakumapeto mongodutsa, yankho lawo linalibe chenjezo limeneli. Vuto lina lomwe linali kubwerezabwereza ndi lakuti AI imaganiza kuti uli pachipatala chachikulu cha kunja, ikuuza kuti pangani CT scan, itanani specialist, perekani mankhwala oti pa shelefu ya kiliniki yakumudzi sanafikepo. Anatiphunzitsa kuiuza pachiyambi pomwe kuti uli pa rural health centre, uli ndi RDT, glucometer ndi makina oyezera magazi basi, ambulansi ichokera kuboma ndipo itenga nthawi, ukatero mayankho amakhalako anzeru. Koma anachenjeza kuti olo uiuze kuti itsatire malangizo a Zambia, ikhoza kuvomera n'kukupatsabe zakunja, ndiye buku ulitsegule ndithu.

Tsiku la chinsinsi cha odwala ndi lomwe ndikanakonda kuti wophunzira aliyense amene amavala yunifomu akanakhalapo. Chizolowezi chomwe chafala manje ndi chojambula faelo ya wodwala, kapena skrini ya SmartCare (pulogalamu yosungira mafaelo a odwala pakompyuta), kapena pepala la zotsatira za ku labu, n'kutumiza ku app kuti ifotokoze. Anthu amaona ngati akucheza ndi foni yawo chabe, osadziwa kuti chithunzicho chachoka mu Zambia chapita pa makompyuta a kampani yakunja, ndipo ma app ena ngati sunazimitse wekha mu settings akhoza kugwiritsa ntchito zomwe watumiza pophunzitsira makina awo. Madamu anatiwerengera zigawo za Data Protection Act No. 3 ya 2021, yomwe imaika nkhani za umoyo wa munthu mgulu la zinthu zofunika kutetezedwa mwapadera, ndipo imanenanso kuti zinthu zotere zizisungidwa pa maseva a muno mdziko. Kenako anagawa faelo yongopeka ndi ma marker akuda, nati fufutani chilichonse chomwe chingamudziwitse munthuyu. Tonse tinafufuta dzina, nambala ya NRC, nambala ya foni, nambala ya faelo, tinaona ngati tamaliza. Iwo anatenga pepala limodzi n'kuwerenga mokweza zomwe zatsala: mayi wa zaka 34, mphunzitsi wa pa pulayimale, mudzi wakuti, anabereka mapasa chaka chatha, ali pa ma ARV, mwamuna wake sakudziwa. Anafunsa kuti, "Kumudzi kwanu aziphunzitsi aakazi amene anabereka mapasa chaka chatha alipo angati?" Palibe anayankha. Kuno kwathu anthu amadziwana, dzina la mudzi ndi ntchito ya munthu zakwana kale, ndipo chinsinsi cha mayi ngati ameneyu chikaululika ndi banja lake lomwe lili pachiswe, mwinanso moyo wake. Anatiphunzitsa kulemba funso lopanda mwini, zaka uzipereke mongoyerekeza, mudzi usautchule, ntchito usaitchule pokhapokha ikukhudza matendawo, tsiku lomwe anagonekedwa lisiye, ndipo chithunzi cha faelo kapena cha nkhope ya wodwala usatumize olo pang'ono. Ananenanso za ma screenshot omwe timatumizirana m'magulu a kalasi kuti nawo ndi mlandu womwewo. Ine kuyambira pamenepo ndikaona mnzanga akuloza kamera pa faelo ndimamugwira dzanja, ena amakwiya koma ndilibe nazo ntchito.

China chomwe kosiyi inachita bwino ndi kusiyanitsa ma chatbot ndi AI yomwe inapangidwira ntchito imodzi n'kuyesedwa. Ambiri tinali kuziika mthumba limodzi. Chitsanzo chawo chinali cha pulogalamu yowerenga X-ray ya pachifuwa pofufuza TB, monga CAD4TB ya kampani ya Delft ya ku Netherlands, yomwe a bungwe la kafukufuku la ZAMBART anaiyesapo pa odwala ku Lusaka zaka zapitazo. Mu 2021 WHO inavomereza kuti mapulogalamu otere akhoza kugwiritsidwa ntchito pofufuza TB kwa anthu a zaka 15 kupita mtsogolo. Imapereka nambala pakati pa 0 ndi 100, nambala ikakwera munthu amatumizidwa kukapereka makhololo kuti ayezedwe pa makina oyezera TB a GeneXpert, siinena yokha kuti uyu ali ndi TB yambani mankhwala. Kumalo komwe kulibe dokotala wowerenga X-ray chinthu chotere nchothandiza kwambiri, ndipo kusiyana kwake ndi chatbot nkwakuti pali anthu anakhala pansi n'kuwerenga kuti pa odwala akutiakuti inaphonya angati, pomwe app ya pafoni palibe anaiyesa pa ana a malungo a ku Chadiza. Pomwepo anatchulanso kafukufuku wa mu 2019 wa ku America, wa pulogalamu yomwe inali kusankha odwala ofunika chisamaliro chapadera poyang'ana ndalama zomwe zinawonongedwa pa iwo, ndiye poti anthu akuda anali kuwonongeredwa ndalama zochepa, pulogalamu inali kuwaona ngati ali bwino kuposa azungu odwala mofanana. Ine zinandipangitsa kuganiza za kwathu kuno, kuti tsiku lina wina akadzapanga pulogalamu pogwiritsa ntchito mafaelo a omwe amafika kuchipatala, amayi a kumalire ku Vubwi kapena a kuchigwa ku Mambwe omwe nthawi yamvula safika nkomwe sadzakhalamo, ndipo pulogalamuyo idzaphunzira kuti kumeneko anthu sadwala. Za matenda a pakhungu nazo anakhudzapo, kuti zithunzi zambiri zomwe makinawa anaphunzirira ndi za khungu loyera, ndiye zidzolo pa khungu lathu akhoza kuziwerenga molakwika. Malangizo a WHO a 2021 okhudza AI pa zaumoyo ndi a Januwale 2024 okhudza ma chatbot, komanso ndondomeko ya dziko ya AI yomwe unduna wa Technology and Science unakhazikitsa mu 2024, anangozidutsa msangamsanga mmawa wina, mitu yokha pa slide.

Za ma asainimenti anakamba mosabisa. Anati ukagwiritsa ntchito AI nena, lemba kumapeto kuti ndinaifunsa zakutizakuti, ndipo care plan kapena case study yomwe sunaganize wekha idzakutsata ku OSCE, mayeso ochita ndi manja, komwe foni siloledwa. Anatiuzanso chinthu chomwe malekichara athu afunika kumva, chakuti mapulogalamu ogwira anthu amene alemba ndi AI si odalirika, OpenAI yomwe, kampani yomwe inapanga ChatGPT, inachotsa yake mu Julayi 2023 chifukwa inali kulakwa kwambiri, ndipo kafukufuku wa ku yunivesiti ya Stanford ku America wa chaka chomwecho anapeza kuti mapulogalamu otere amakonda kunamizira anthu omwe chizungu si chiyankhulo chawo choyamba, kutanthauza ife tonse. Njira yomwe ndinatengako n'kumaigwiritsa ntchito mpaka pano ndi youza app kuti ikhale wodwala ine ndizimufunsa history, mayi wa mimba ya miyezi 8 mutu ukumuwawa ndipo miyendo yatupa, ikatha indiuze mafunso omwe ndasiya, kenako ndimatsegula manotsi kuona ngati nayonso siinasiye kanthu. Pokonzekera mayeso zimenezi zimathandiza zedi, makamaka usiku ku hostel anzako onse atagona.

Manje zodandaula, ndipo zilipo ndithu. Pa chikalata chawo analemba kuti Wi-Fi ilipo, koma anthu onse atalumikiza nthawi imodzi inangofa, tinali kugula mabando athu sabata iliyonse ndi kupatsana hotspot, kosi ya AI yopanda intaneti yodalirika ndiye kuti okonza sanakonzekere. Magetsi atazima jenereta ya pa lodge inachedwa kuyaka ndipo gawo la mmawa linatayika osabwezedwa. Zolemba zoti tipite nazo kunyumba sanatipatse, ngakhale timakhadi ta Madamu tomwe tinapempha kangapo, tinangojambula tokha. Chakudya cha masana chinali bwino, nsima ya nkhuku ndi repu, palibe anadandaula. K600 kwa wokhala ku Kalongwezi kapena ku Mchini mwina ipiririka, koma wochokera ku Katete, ku Sinda kapena ku Lundazi akaonjezera thiransipoti ya Chiweru chilichonse ndalama imakwera kwambiri, ndipo panalibe kuchotsera kulikonse kwa ochokera kutali. Satifiketi inachedwa kubwera, ndipo dziwiranitu kuti ndi yongosonyeza kuti munapezekapo, si ya bungwe lililonse la boma, ndiye musalipire pofuna pepala.

Chondiwawa kwambiri nchakuti nkhani ya chiyankhulo sanaipatse nthawi. Odwala athu amalankhula Chichewa, Chinsenga, Chitumbuka, Chikunda, ndipo ntchito yaikulu ya nesi ndi kufotokozera munthu m'chiyankhulo chake kuti mankhwala amwe bwanji ndipo abwerenso liti. Ophunzira ambiri manje akapatsidwa health talk ya ku sikelo amauza app kuti iwalembere m'Chinyanja, n'kukaima pamaso pa amayi kuwerenga zomwe zatuluka. Mtsikana wina wa uzamba anafunsa za zimenezi, mnyamata wa mmawa uja anangoti inde muzisamala, basi n'kupita pa slide ina. Pa break tinayesa tokha, tinapempha uthenga wa zizindikiro zoopsa kwa mayi wapakati, zomwe zinatuluka zinali zouma, ziganizo zina zosamveka, zina zomveka koma zosiyana ndi zomwe zinali pachizungu, ndipo munthu amene sakulidziwa bwino phunzirolo sangaone kuti pasokonekera. Ma app awa anaphunzira kwambiri pa chizungu, zolemba za ziyankhulo zathu pa intaneti nzochepa, Chinsenga ndi Chikunda ndiye kuli ngati kulibiretu. Ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya asainimenti, chifukwa agogo amene abwera ndi mdzukulu ku sikelo alibe buku loti akatsegule kunyumba kuona ngati anesi anena zoona, chomwe amva ndi chomwe akachite. Apa pamafunika tsiku lathunthu, ndi timakhadi ngati ta Madamu, gulu lipemphe uthenga m'Chinyanja, lina liuwerenge mokweza, lina linene chomwe lamva, tione pomwe zapatukana.

Chachiwiri, malekichara ndi ma clinical instructor sanaitanidwe olo mmodzi. Ife taphunzira kunena poyera kuti ndagwiritsa ntchito AI pakutipakuti, koma ukakanena zimenezo kwa aphunzitsi amene lamulo lawo ndi ziro, ndiwe amene uvutike, ndiye ambiri abwerera kukabisa monga kale. Kuno kuli masukulu a zaumoyo angapo, mtauni muno, ku Mwami, ku St Francis ku Katete, okonza akanatha kulembera akuluakulu a masukuluwa kuti atumize aphunzitsi awiriawiri mwaulere, zikanasintha zambiri kuposa kuphunzitsa ife tokha.

Ndipo tsiku lomaliza linandikhumudwitsa. Ola lathunthu linapita kwa bambo wina amene sitinamuonepo masabata onse aja, anabwera kudzatsatsa app yolipira mwezi ndi mwezi m'madola, akuti ndi ya azaumoyo ndipo siilakwa ngati zinazi. Mnzathu wa pharmacy anaimirira n'kufunsa mwaulemu kuti, "Abwana, inayesedwa kuti, pa odwala angati, ndipo zomwe tilembamo zimasungidwa dziko liti?" Bamboyo anazungulirazungulira, yankho silinatuluke. Mafunso amenewo ndi omwe Madamu anatiphunzitsa kufunsa aliyense wobwera ndi pulogalamu kuchipatala, ndipo ndinanyadira kuwamva akuchokera pakamwa pa wophunzira, komabe si bwino kulipiritsa ana asukulu K600 kenako n'kuwagulitsa kwa wamalonda mu nthawi yomwe alipira okha. Ola limenelo likanapita ku nkhani ya chiyankhulo.

Amene mukufuna kulembetsa, pitani ndi bando yokwanira, power bank yodzaza, ndi Standard Treatment Guidelines yanu, kaya ya pepala kaya ya pafoni, chifukwa mabuku a patebulo sakwanira magulu onse ndipo mudzataya nthawi kudikirana. Khalani gulu limodzi ndi anthu a makosi ena osati anzanu a mkalasi okhaokha, wa pharmacy amaona zomwe nesi saona, ndipo wa environmental health anatifunsa mafunso a madzi ndi zimbudzi pa khadi la kutsegula mmimba omwe ife ndi app yomwe sitinawaganizire. Musanatumize ndalama imbani foni mufunse ngati mayi wa pharmacy uja adzaphunzitsenso masana pa intake imeneyi, chifukwa ndinamva kuti nthawi zina amatumizidwa ku province ina. Akakuuzani kuti sadzakhalapo, sungani K600 yanu mudikire intake yotsatira.